Chifukwa Chake Mlembi wa Chichewa Amafunika Makutu a Anzake

Ophunzira amandifunsa kawirikawiri kuti, "Kulemba si ntchito ya munthu mmodzi kodi? Nanga gulu la alembi n'lachiyani?" Ine ndimayankha kuti Chichewa cha papepala chimabisa zinthu zina zomwe khutu lokha ndi lomwe limagwira.

Tiyambe ndi kamvekedwe ka mawu. Polemba sitiika zizindikiro zosonyeza pokweza kapena potsitsa liwu. Tsono wina akalemba kuti "Mtengo wa mango wagwa," mwini wake amadziwa chomwe akutanthauza, koma wowerenga sadziwa ngati kwaomba chimphepo kapena mango achuluka pamsika. Mnzako akawerenga chiganizocho mokweza n'kutchula mtengo winawo, pompo umadziwa kuti pakufunika kukonza. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti pagulu nkhani aziwerenga ndi munthu wina, mwini wake ali chete.

Chachiwiri ndi zoyankhula za anthu a m'nkhani. Agogo akumudzi akanena kuti "Ndapanga chiganizo," pagulu sipalephera wina wofunsa kuti, "Agogo amenewa anaphunzira kuti Chingerezi?" Iwo akanati "Ndaganiza zoti" kapena "Ndatsimikiza mtima." Chimodzimodzinso mnyamata wa ku Ndirande sangauze mnzake kuti "Bwenzi langa, kodi uli bwanji?" Amangoti, "Aise, zikuyenda?"

Mchitidwe wosulana choterewu si wachilendo kwathu kuno. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa Writers Group, komwe kunadutsa alembi monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Steve Chimombo. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Ambiri ankalemba m'Chingerezi, koma poti boma la Kamuzu Banda linkasefa zolembedwa, ankatamira nthano ndi mikuluwiko ya makolo: Chimombo anatenga Napolo, Mapanje anatenga bilimankhwe. Mkuluwiko umafuna oyesera. Ukabisa kwambiri palibe akumva, ukabisa pang'ono waputa mavuto. Ndipo mavutowo anali enieni, pakuti Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991.

Komabe gulu lili ndi ngozi yake. Likhoza kusanduka bwalo la milandu, pomwe liwu lililonse lomwe ena sanalimvepo amaliweruza kuti "si Chichewa." Mlembi wa ku Chikwawa kapena ku Chipata akamadzudzulidwa chonchi sabata ndi sabata, amasiya mawu akwawo, mapeto ake onse amalemba mofanana ngati chikalata cha boma. Apa chiyankhulo ndiye chaluza.

Choncho mukakhala pansi ndi nkhani ya mnzanu, musathamangire kufunsa ngati Chichewa chake chili cholondola. Yambani mwafunsa kuti: munthu uyu, wa msinkhu uwu, wochokera dera ili, poyankhula ndi uyu, angatero? Za kalembedwe koyenera muzione pambuyo, mwini nkhani atamva kaye mmene mawu ake akumvekera m'kamwa mwa wina.