Masewera ena akuti ndayamba kukalamba. Fizikisi ikuti bwanji?

Mwezi watha ndinakwanitsa zaka 35, ndipo mnyamata wina wa Fomu 3 anandionetsa pa foni malamulo a masewera otchedwa Dungeons & Dragons. "Aphunzitsi, apa akuti inuyo mwayamba kutha," anatero. Kalasi yonse inafa nako kuseka.

Masewerawa anatuluka ku America mu 1974, ndipo anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kutenga munthu wongopeka, kaya msilikali, kaya wamatsenga. Mmodzi amakamba nthano, koma madayisi ndi amene amagamula ngati zomwe wayesa zatheka. Munthu wongopekayo amakhala ndi manambala 6: atatu a thupi, atatu a mutu. Malamulo a mu 2003 amati akafika zaka 35, manambala a thupi amatsika ndi 1, akafika 53 amatsikanso ndi 2, akafika 70 amatsikanso ndi 3. A mutu amakwera ndi 1 nthawi iliyonse. Ndiye munthu wamba amene anayamba ndi mphamvu 10 amatsala ndi 4 basi.

Pa nkhani ya thupi sananame kwenikweni. Munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imachepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse. Kungoti sizigwa tsiku limodzi ngati m'masewera muja, zimapita pang'onopang'ono.

Koma mawu akuti "mphamvu" amatisokoneza, chifukwa pa Chichewa timaphatikizamo zinthu ziwiri zomwe pa mayeso a MSCE muyenera kuzisiyanitsa: work ndi power. Agogo anga aakazi amakhala m'munsi mwa phiri la Ntchisi, ndipo pali chitunda chomwe timakwera tikamapita kwa amalume. Tiyerekeze kuti n'chotalika mamita 300, ndipo ine ndi agogo tonse timalemera makilogalamu 60. Work ndi mgh: 60 × 10 × 300, zomwe zikutipatsa majoule 180,000. Nambalayi ndi imodzimodzi kwa ine ndi kwa iwo. Ine ndimakwera mphindi 40, omwe ndi masekondi 2,400, choncho power yanga ndi mawatt 75. Agogo amatenga ola limodzi ndi mphindi 40, masekondi 6,000, ndiye yawo ndi mawatt 30. Phirilo amalimaliza ndithu, ntchito yonse amaigwira. Chimene ukalamba wawalanda ndi liwiro loigwirira. Ndipo kunena zoona, pamwamba paja amene amafika ali wefuwefu ndine.

Pomwe masewerawa anaphonya kwambiri ndi apa. Nambala imodzi ya mutu, yotchedwa Wisdom, ndi imenenso imagwiritsidwa ntchito poona ngati munthu waona kapena wamva chinthu chobisika. Popeza imakwera ndi zaka, nkhalamba ya zaka 70 imaona ndi kumva bwino kuposa mmene inkachitira ili ndi zaka 20. Eti! Pitani mukawauze zimenezo agogo anu pamene akukupatsani singano kuti muwalowetsere ulusi.

M'diso muli lenzi yofewa, ndipo timinofu tozungulira timaisintha kuti ikhale yonenepa mukamayang'ana chinthu chapafupi. Zaka zikamapita lenziyo imauma, siitha kunenepanso bwino. Mwana amaona bwinobwino zilembo zomwe zili masentimita 10 kuchokera padiso. Munthu wa zaka za m'ma 40 amayamba kutalikitsa buku, ndipo wa zaka 60 angafunike pafupifupi mita yathunthu. Mankhwala ake ndi lenzi ya convex, yomweyo timajambula pa bolodi. Magalasi owerengera aja ndi imeneyo, palibenso matsenga ena.

Khutu nalo chimodzimodzi. Inu mumatha kumva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz, pomwe anthu ambiri opitirira zaka 50 samva mawu opitirira 12,000 Hz. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi, ndipo tomva mawu okwera ndi timene timayamba kufa. Tikafa sitimeranso. Phokoso lalikulu limatipha msanga, ndiye inu amene mumaika mahedifoni mpaka nyimbo kumveka kwa wokhala naye pa desiki, mukudziitanira ukalamba wa khutu musanalembe n'komwe mayeso.

Malamulo omwe anatuluka mu 2014 alibe zotsitsa manambala chifukwa cha zaka. Mnyamata uja ndinamuuza zimenezi, iye akuti ndikungodzitonthoza.

Sabata ino tengani rula ndi nyuzipepala. Tsekani diso limodzi, yandikitsani pepalalo mpaka zilembo zitayamba kuoneka mbuu, ndipo muyeze mtunda kuchokera padiso. Mukatero mupemphe mwaulemu amayi, abambo ndi agogo kuti nawonso muwayeze, ndipo mulembe zaka za aliyense. Tidzajambula girafu imodzi ya kalasi yonse. Ine ndayeza kale, ndapeza masentimita 17.