Mukasiya buledi, m'mimba mumachira liti?

M'mawa pa msika wa Embangweni, fungo loyamba kukulandirani ndi la mandasi ali pamoto. Wakabaza wochokera ku Jenda amaima kumwa tiyi ndi sikono, mwana wa sukulu amagula bisiketi, ndipo wachibale akafika kuchokera ku Joni, m'chikwama simulephera kupezeka sipageti. Zonsezi n'za ufa wa tirigu. Ambirife sizitivuta. Koma padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 aliwonse, tirigu amamuwononga matumbo mwakachetechete.

Matendawa madokotala amawatcha celiac. Gwero lake ndi gluten, chinthu chomwe chimamatitsa mtanda wa buledi, ndipo chimapezeka mu tirigu, balele ndi rye. Thupi la wodwala limamuona gluten ngati mdani, ndiye pomenyana naye limaphwatalalitsa timinofu ta m'matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya. Munthu amadya koma thupi silikondwa: kutsegula m'mimba kosatha, mimba kutupa, kuwonda, kuchepa magazi, kutopa. Mwana amapinimbira.

Amene anatsimikiza za tirigu ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala ya 1944 mpaka 1945, buledi atasowa chifukwa cha nkhondo, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino. Buledi atabwerera, matenda nawo anabwerera. Ena amati awa ndi matenda a azungu, koma mu 1999 kafukufuku wa pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, anapeza kuti oposa 5 mwa 100 aliwonse anali nawo.

Piritsi lochiza matendawa kulibe. Mankhwala ake ndi kusiya gluten moyo wonse. Ndiye funso la wodwala aliyense n'lakuti: ndichira liti?

Kutsegula m'mimba ndi kutupa kumayamba kuchepa pakapita masiku ochepa kapena milungu ingapo. Apa m'pamene ambiri amanamizika. M'mimba mukakhala bata, munthu amaganiza kuti wachira, pomwe matumbo akali ndi zilonda zake. Kwa ana, matumbo amachira pakadutsa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kwa akuluakulu zimachedwa kwambiri, ena mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Magazi amabwerera pang'onopang'ono, nthawi zina mothandizidwa ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ena mkaka umawatsegula m'mimba miyezi yoyambirira, kenaka umadzawayanja matumbo akapola. Totupa toyabwa timene odwala ena amatuluka m'zigongono ndi m'mawondo ndi timene timakakamira, timatha kukhala chaka kapena ziwiri, n'chifukwa chake dokotala amawonjezera dapsone, mankhwala amene kuno timawadziwa pa matenda a khate.

Chondidetsa nkhawa ine ndi miyezi ya pakatiyi. Munthu wanenepako, wayamba kupita kumunda, ndiye pa ukwati amupatsa kachidutswa ka keke, iye n'kuti kamodzi sikapha. Kamodziko kamadzutsanso nkhondo m'matumbo, ngakhale m'mimba musapweteke tsiku limenelo. Gluten amabisalanso. Ali mu mowa wa m'mabotolo wa chimera cha balele, mu kanyenya wopakidwa ufa wa tirigu, m'tchipisi tokazingidwa m'mafuta omwe akazingira mandasi, ngakhale m'chigumu ngati wophika anathirako fulawa. Kwa mkhristu wa pa Loudon, mishoni ya ku Embangweni imene Donald Fraser anatsegula mu 1902, pali ngakhale buledi wa mgonero, ndipo ndi bwino kukambirana ndi abusa poyera.

Mwayi wa munthu wa ku Mzimba ndi wakuti chakudya chathu chenicheni chilibe gluten. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mbatata, nyemba, mtedza, nthochi, mapira, ndi chindongwa (thobwa) cha chimera cha lipoko (mawere) zonse n'zololedwa. Wodwala wa ku London amagula ufa wapadera pa mtengo wokwera, pomwe wa ku Embangweni amangopita kuchigayo ndi chimanga cha m'nkhokwe yake.

Komabe musathamangire kusiya tirigu musanayezetse. Kuyeza magazi ndi kuunika matumbo kumaonetsa matendawa pokhapokha munthu akudyabe gluten. Mukasiya msanga, zotsatira zimatha kunama. Ndiponso kuno kwathu kutsegula m'mimba kosatha ndi kuwonda kawirikawiri kumachokera ku njoka za m'mimba, TB kapena HIV, matenda amene sachizidwa ndi kusala mandasi. Yambani mwapita ku chipatala cha mishoni cha Embangweni kapena cha boma cha Mzimba, kumene angakutumizeni ku Mzuzu Central Hospital ngati pakufunika kutero.

Ndipo inu amayi ndi abambo amene mwana wanu amatupa mimba akadya buledi, kauzeni adokotala zimenezi mwatchutchutchu, ndipo muwafotokozere zonse zimene mwanayo amadya pa tsiku.