Ulendo wa Kumudzi ndi Mwana Wongoyamba Kuyenda

Mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu ali pa msinkhu wovuta kwambiri kuyenda naye, chifukwa wasiya kukhala khanda logona kumsana tsiku lonse, koma sanafike pozindikira kuti moto umawotcha, kuti madzi amamiza, ndiponso kuti galimoto ikubwera siingaime pomwepo. Miyendo yake yayamba kumufikitsa kulikonse kumene maso aona, pamene nzeru zopewera ngozi zikadali m'mbuyo. Chimene chimamuteteza pakhomo ndi chizolowezi: amadya pa nthawi yodziwika, amagona pamalo amodzi, amamwa madzi ochokera pa mpopi kapena pa mjigo womwewo, ndipo womulera amadziwa pamene pali mbaula ndi pamene pali dzenje. Ulendo umachotsa zonsezi pa tsiku limodzi, ndipo mabanja ambiri m'Malawi muno amaupanga nthawi ya Khirisimasi, ya maliro kapena ya ukwati, pamene maganizo a akuluakulu ali pa zinthu zina.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa miyezi 12 mpaka 23 azidya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezerapo tizakudya tina topatsa thanzi kamodzi kapena kawiri, komanso kuti wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14. Mimba yake ndi yaing'ono moti sangadye zambiri m'mawa n'kupirira mpaka madzulo monga amachitira bambo ake. Tsono ulendo wa pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, womwe ndi wa makilomita oposa 300 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, umatenga maola anayi kapena asanu pa basi yaikulu, ndipo pa minibasi umatalika koposa pamenepo chifukwa cha kudikira kuti idzaze m'depoti, kuima pa malo a chipikisheni ndi kutsitsa anthu m'njira. Kulira kumene okwera anzake amakutcha kuvuta kapena kusaleredwa bwino nthawi zambiri kumakhala njala, ludzu, kutentha kapena thewera lonyowa, ndipo mwana wa msinkhu umenewu alibe mawu okwanira ofotokozera chilichonse mwa zimenezi.

Chakudya cha m'njira chimafuna kuganiziridwa banja lisanatseke chitseko. Pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa malo ena oima mabasi pamabwera chipisi, kanyenya, mazira owiritsa ndi zipatso pawindo, ndipo wamkulu akhoza kudya zimenezi osaona vuto, koma chakudya chimene chakhala padzuwa ndi pafumbi kwa maola angapo chimatsegula m'mimba mwana mosavuta. Nthochi yosenda mwini wake, mbatata yophika kunyumba, phala losungidwa m'fulasiki ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala a WaterGuard ndizo zodalirika. Mtedza wokazinga, chimanga chootcha ndi maswiti olimba sizoyenera m'galimoto yoyenda, pakuti mano ake otafunira sanakwanire, ndipo galimoto ikadumpha pa dzenje kambewu kamatha kulowa m'njira ya mpweya n'kumutsamwa. Mayi amene akuyamwitsabe ali ndi mwayi waukulu, chifukwa bere ndi chakudya, chakumwa ndi chotonthoza chimene sichifuna kutsuka kapu, ndipo a zaumoyo amalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Nkhani ya mpando ndi yowawa, ndipo iyenera kunenedwa mosabisa. Mwana wamng'ono salipira m'minibasi malinga akhale pamiyendo, ndipo kwa banja lowerengera ndalama ya thiransipoti imeneyi ndi mpumulo. Komabe galimoto ikaima mwadzidzidzi kapena ikagundana ndi inzake, thupi la mwana limapitirira kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kambirimbiri, moti palibe mikono ya kholo imene ingamugwire, ndipo ngati ali kumsana kapena womangidwa lamba mmodzi ndi mayi ake, thupi la wamkuluyo ndilo limamupsinja. Mabanja amene ali ndi galimoto yawo alibe chifukwa chomveka chosagulira kampando ka mwana komangirira kumpando wakumbuyo, ngakhale kakaunjika kamene malamba ake ali bwino. Kwa ochuluka amene amakwera za aliyense, chotheka ndi kusankha basi yaikulu m'malo mwa matola, kupewa mpando wakutsogolo ndi wapakhomo, kuyenda masana, ndi kukana kukweza mwana pa njinga yamoto ya kabaza pa mtunda umene ungayendeke mwa njira ina, chifukwa chipewa chotetezera mutu cha msinkhu wake sichipezeka pa siteji.

Katundu wofunika kuposa zovala zatsopano zokaonetsa kwa agogo ndi kabuku ka kusikelo, momwe mumalembedwa kulemera kwa mwana, katemera amene walandira ndi matenda amene wadwalapo. Mwana akadwalira kutali ndi kwawo, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko amadalira kabukuka kuti adziwe mbiri yake, ndipo ngati tsiku la katemera, monga wachiwiri wa chikuku amene amaperekedwa pa miyezi 15, lakwanira banja lili kumudzi, akhoza kulandirira pa sikelo ya komweko. Pambali pa kabukuka pamafunika mapaketi a Thanzi ORS, amene ndi mchere ndi shuga zoyezedwa bwino zobwezeretsa madzi m'thupi la wotsegula m'mimba. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo mwana amamwetsedwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, kwinaku akuyamwabe ndi kudya. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 unaonetsa kuti madzi a m'njira ndi a pa zochitika zosonkhanitsa anthu sangangokhulupiriridwa chifukwa akuoneka oyera.

Makolo ambiri amapuma mtima basi ikafika, koma ngozi zochuluka za mwana wa msinkhu umenewu zimayamba pamenepo. Pakhomo pa agogo pamakhala manja ambiri: azakhali, amalume, asuweni ndi ana okulirapo, ndipo aliyense amakondwera kumunyamula mlendo wamng'onoyo. Vuto lake ndi lakuti pamene anthu khumi akuyang'anira mwana mmodzi, aliyense amaganiza kuti ali ndi mnzake, ndipo mwanayo amatha kukhala yekha kwa mphindi zokwanira kufika pa mafuwa, pa mphika wa phala umene wangophulidwa, pa chitsime chosavindikira kapena pa ndowa ya madzi. WHO imanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndiwo amamira kwambiri kuposa misinkhu ina, ndipo mwana wotere, chifukwa mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, akhoza kugwera m'ndowa chamutu n'kulephera kudzuka, popanda phokoso lililonse. Palinso chizolowezi chosunga palafini kapena mankhwala a mbewu m'mabotolo a zakumwa zozizilitsa kukhosi, zimene mwana wozolowera kuona botolo lotero ngati chokoma amangomwa. Njira yothandiza ndi yakuti pa nthawi iliyonse pakhale munthu wamkulu mmodzi wotchulidwa dzina amene mwana ali m'manja mwake, ndipo akafuna kuchoka amupereke kwa wina ndi mawu omveka. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakhoza kumubereka ndi kumuseweretsa, koma sikoyenera kusenzetsedwa udindo wa moyo wake.

Pamenepa m'pamene abambo amafunika. Mwambo umapatsa mayi wofika kwa apongozi ntchito zambiri, kuyambira kutunga madzi mpaka kuphikira khamu la pa maliro, pamene bambo amakhala pabwalo ndi amuna anzake. Mayi sangavundule nsima mu mphika waukulu kwinaku maso ali pa mwana wothamanga, ndipo bambo amene watenga mwana wake n'kukhala naye pabwalopo sanachepetse ulemu wake ngakhale pang'ono.

Malungo ali ndi mbali yake imene imanyenga apaulendo. Banja lochoka kumalo okwera ndi ozizira monga Dedza kapena Mzuzu kupita ku Nkhotakota, Salima, Mangochi kapena kuchigwa cha Shire limapita kumene udzudzu ndi wochuluka, makamaka m'miyezi ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, yomwenso ndi nyengo ya maulendo a Khirisimasi. Kunyumba yofikira sikungakhale masikito otsala a alendo, choncho ndi bwino kunyamula neti ndi chingwe chomangira. Malawi ndi dziko loyamba limene linayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana mu Epulo 2019, koma katemerayu amangochepetsa chiopsezo ndipo salowa m'malo mwa neti. Zizindikiro za malungo zimaoneka patapita sabata imodzi kapena ziwiri chilumidwire, kutanthauza kuti mwana akhoza kubwerera kutawuni ali bwinobwino n'kudzatentha thupi ulendo utaiwalika. Kutentha thupi kotere kumafuna kuyezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo wachipatala auzidwe kumene mwanayo anali. Ngati akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wafooka moti sakudzuka, palibe chodikira kuti kuche. Opita kunyanja akumbukirenso likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osayenda a m'mbali mwa bango n'kulowa pakhungu la wosamba.

Pali mwambo wina umene umakhudzana ndi maulendo amenewa, wakuti mayi akatenga pakati pena kapena akapeza ntchito, mwana amapititsidwa kwa agogo n'kusiyidwa komweko kuti aleke kuyamwa. Agogo alera mibadwo yambiri mwachikondi ndipo palibe wotsutsa luso lawo, koma mwana wochotsedwa ku bere, kwa mayi ake ndi ku chakudya chozolowera pa tsiku limodzi nthawi zambiri amakana kudya, ndipo ngati akudyera m'mbale imodzi ndi ana okulirapo, gawo lake limachepa popanda wozindikira. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kuti afupi poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa cha kuperewera zakudya kwa nthawi yaitali, ndipo kupinimbira kumeneku kumakhazikika kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira. Banja limene lakakamizika kusiya mwana kumudzi lingachepetse vutoli pomusiyitsa bere pang'onopang'ono ulendo usanachitike, pokhala naye masiku angapo kwa agogowo asanatsanzike, posiya ufa wa Likuni Phala kapena wa mgaiwa wosakaniza ndi nsinjiro, mbale yakeyake ndi kabuku kake, ndiponso pogwirizana za munthu amene azipita naye kusikelo mwezi ndi mwezi.