Vitz, Fielder kapena Axio? Buti Inandisinthitsa Maganizo

Nditasonkha ndalama yogulira galimoto yanga yoyamba, mtima unali pa Toyota Vitz. Imamwa mafuta pang'ono, ndipo kuimika mu Limbe sikuvuta. Koma achimwene anangoseka: "Iwe, usipa wa ku Mangochi uziuika pati?"

Zoonadi, sedani ngati Corolla Axio ili ndi buti yotsekeka payokha. Fungo la nsomba silifika msanga kwa okwera, ndipo akuba saona laputopu pawindo. Fielder imanyamula zambiri, koma ukafika nayo kumudzi, abale amaiyesa lole.

Ndinagula Axio. Tsiku losamuka, firiji inakana kulowa m'buti, mpaka ndinachita hayala pikiapu. Ndiye inuyo, musanaitanitse galimoto ku Japan, ganizirani kaye katundu amene mumanyamula kawirikawiri.