Pamela anandidyera ndalama za lendi

Miyezi itatu yapita, pa 19, ndinaima pa siteshoni ya basi ku Mtendere ndi K17 cabe m'thumba. Malipiro anali kutali masiku khumi. Kondakitala anali kukuwa kuti "Town! Town! Babili cabe!" ine ndili kuwerengera mumtima ngati ndikwere kapena ndiyambeko wapansi. Alandilodi anali atagogoda kale kawiri. Usiku wake ndinatsala pang'ono kupita kwa munthu wa kaloba wa m'komboni mwathu, uja amene ukatenga K500 umabweza K750 mwezi ukatha.

Cimene cinandiwawa n'cakuti sindimwa mowa, sindibeca za mpira, ndipo ndilibe mwana. Nanga ndalama zipita kuti? Ndinatumira foni azakhali anga a ku Chawama, amene anagulitsa ndiwo pamsika zaka zambiri, kuti andibwerekeko. Anandipatsa K200, koma ndi lamulo limodzi. "Iwe mwana, ndalama siziuluka zeka. Gula kabuku, ulembe ngwee iliyonse, ukaniwonetse."

Ndinagula kabuku ka ana a sukulu. Patapita milungu iwiri ndinacita manyazi kukawerenga. Munalibe cinthu cacikulu ngakhale cimodzi. Munali K5, K10, K7, K15, mizere yodzaza tsamba ndi tsamba. Ndipo dzina limene linabwera kawirikawiri kuposa onse linali la Pamela.

Okwera basi nonse mumudziwa Pamela: kaunga ka m'kapulasitiki ka pa kantemba, kongokwanira nsima ya usiku umodzi. Ali ndi abale ake, saladi ya m'kapulasitiki komangidwa pakamwa, shuga wa pa supuni, sopo woduladula, malasha a m'kajumbo. Ine ndinali kuwagula onse, madzulo alionse ndikatsika basi, cifukwa K10 siwawa potulutsa.

Tsiku lina ndinapempha mnyamata wa pa buchala kuti andiikire Pamela wanga pa sikelo. Anaseka, koma anaika. Anali theka la kilo. Manje tiyeni tiwerenge pamodzi, mitengo muikepo ya kwanu cifukwa isiyana komboni ndi komboni. Tinene kuti thumba la 25kg ligulidwa K300. Ndiye kuti kilo imodzi ndi K12. Ngati theka la kilo mwagula K10, kilo mwaigula K20, ndipo pofika pa 25kg mwalipira K500. Unga umodzimodzi, cigayo cimodzimodzi, koma K200 yapita. Ndi ndalama ija ndinakapempha kwa azakhali.

Sindinena kuti amai a pa kantemba ndi akuba, iyai. Iwo anagula thumba, analipira transipoti, anagula mapulasitiki, ndipo akhala padzuwa tsiku lonse. Phindu lao ndi la thukuta. Koma ine amene ndilandira pamwezi ndinalibe cifukwa cogulira ngati munthu wolandira patsiku. Unali ulesi cabe wonyamula thumba.

Mbava yaciwiri m'kabuku inali basi yeniyeniyo, osati mtengo wokwerera, koma zonse zozungulira. Podikira kuti idzale, pa windo pabwera vitumbuwa, mazira owiritsa, maheu ozizira, nshawa, madzi. Dzanja lipita lokha m'thumba. Ndiye pali cenji. Kondakitala akati "nizakupasani kusogolo, boss", ndipo iwe watsika uli pa foni, K3 yatsala m'basi. Mlungu umodzi ndinasiya cenji katatu. Kuyambira pamenepo ndisunga makobili m'kabotolo kunyumba, ndipo m'mawa nditenga ndalama yokwanira ndendende. Makobili a K2 ndi K5 amene Bank of Zambia inatulutsa pamodzi ndi ndalama zatsopano mu March 2025 athandiza pa nkhani iyi, cabe kuti agwa msanga m'thumba lobooka.

Zina zinali zazing'ono. Kutapa ndalama pa booth kasanu pamlungu, K50 lero, K80 mawa, ndipo ulendo uliwonse adulako. Ma bundle a tsiku limodzi m'malo mwa a mwezi. Pulasitiki ya pa shopu, imene tiilipira masiku ano kucokera pamene boma linaletsa zija zopyapyala ndi lamulo la 2018. Cikwama cakale ca nsalu cinathetsa imeneyo.

Azakhali ataona kabuku sanakalipe. Anati Ciwelu ndikawapeze ku Soweto 05:30, ndipo ndibwere ndi anzanga awiri a pa yadi imodzi. Tinapita atatu: ine, mlongo wina wogwira nchito mu saluni, ndi amai a ana atatu a nyumba yoyang'anana ndi yanga.

Amene simunafikeko ku Soweto Market m'mamawa, kuseri kwa City Market ukadumpha Lumumba Road, simunaione Lusaka. Mdima ukalipo koma ma Canter adzaza kale, alimi atsitsa makabici, repu, anyezi, impwa, mabokosi a tomato. Nthawi imeneyo ndiyo amai a misika ya m'makomboni apikula katundu amene tidzagula madzulo pa mtengo wina. Azakhali ayenda m'matope aja ngati ali m'nyumba mwao. Safunsa mtengo pa tebulo loyamba kuti agule, afunsa kuti adziwe cabe. Ayenda matebulo anai, asanu, kenaka abwerera.

Ndinaphunzira zambiri pongowayang'ana. Pogula kapenta kapena nyemba pa meda, ayamba agwira cigubu ndi kucitembenuza, cifukwa zina zinaponderezedwa pansi kuti zilowe zocepa. Kapenta aitafunako kamodzi kuti amve ngati ili ndi mcenga kapena yawawa. Bokosi la tomato salilandira asanaone za pansi, popeza zokongola zikhala pamwamba. Ndipo sacoka osapempha mbasela. "Amai, faka ko ka mbasela, nizabwela futi." Amanena moseka, wogulitsa nayenso aseka, dzanja limodzi la nyemba ligwera m'thumba. Ine ndi dipuloma yanga ndinali kucita manyazi kupempha mbasela, ngati kuti ndi kupemphetsa.

Tinagula thumba la anyezi, bokosi la tomato, meda ya kapenta, meda ziwiri za nyemba za Kabulangeti, ndi cigubu ca 5 litres ca saladi, zonse zogawana patatu. Apa ndiye pali masamu amene ambiri aiwala. Ulendo wa ku Soweto uli ndi mtengo wake: basi kupita ndi kubwera, Zamcab wokankha wilibala kufika pa siteshoni, ndiponso kondakitala adzafuna ya katundu ngati thumba latenga mpando. Mukapita nokha kukagula tomato wa K30 ndi kabici imodzi, mwaluza, gulani cabe kwa amai a pafupi ndi nyumba. Ulendowu ubweza ndalama ngati katundu ndi wambiri ndipo mugawana mtengo wa transipoti. Ife manje tisinthana, apita mmodzi pa milungu iwiri iliyonse ndi mndandanda wa onse atatu.

Ndisanamizire kuti zonse zinayenda bwino. Gawo langa la tomato ndinaliika mu kafiriji kanga n'kuiwala. Malaiti anapita masiku awiri motsatizana maola ambiri, kunja kukutentha. Pofika pa Cinai theka linali madzi okhaokha, fungo mpaka pakhomo. Ndinataya. Kuchipa kuja kunathera m'dzala.

Amai a ana atatu aja sanataye ngakhale imodzi. Iwo anaphunzira mu 2024, caka ca cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo mafiriji a mu Lusaka anasanduka makabati. Tomato wakupsa amudula tsiku lomwelo, amuphika ndi mcere ndi saladi mpaka madzi aume, aika m'mabotolo. Wosapsa amuyala pansi pa mthunzi, osaunjika. Cibwabwa ndi masamba a nyemba awafutsa n'kuyanika, monga acitira kumudzi ku Katete. Lamulo lao ndi lapafupi: cogula cambiri cikhale cosaola. Unga, nyemba, kapenta, soya, saladi, shuga, sopo, malasha. Zamasamba ndi nyama, pang'onopang'ono.

Pa za unga, iwo agula roller, ine ndinali wa breakfast cifukwa ca kuyera. Roller ichipa, ndipo popeza gaga sacotsa yense, isunga m'mimba nthawi yaitali. Ndinayesa. Mlungu woyamba nsima inaoneka yacilendo m'mbale, waciwiri ndinaleka kuganizako.

Ku ma supermarket ndipitabe, cifukwa zinthu zina monga sopo wocapira ndi shuga nthawi zina zichipa kumeneko kuposa pa kantemba. Koma ndipita nditadya, ndi kapepala m'manja. Cikwangwani cofiira ca promotion sicindithamangitsanso. Nditenga foni, ndigawa mtengo ndi makilo kapena malita, cifukwa paketi yaikulu si nthawi zonse ikhala yochipa. Ndipo lisiti ndiiwerenga ndisanatuluke pakhomo. Tsiku lina pa shopu ina mtengo wa pa shelufu ndi wa pa till unasiyana ndi K6. Ndinabwerera, mtsikana wa pa till anaitana bwana wake, anandibwezera. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 silola wogulitsa kulipiritsa kuposa mtengo umene waonetsa, ndipo bungwe la CCPC lilandira madandaulo otere. Anthu a pamzere kumbuyo kwanga anang'ung'udza kuti ndiwacedwetsa pa K6. Ndinaganiza za K17 ija ya pa siteshoni ndipo sindinasunthe.

Pali cinthu cimodzi cimene cindivuta polemba nkhani ngati iyi. Bungwe la JCTR mwezi uliwonse liwerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, ndipo mu 2024 mtengowo unapitirira K10,000. Yang'anani amene mwakhala nao pa mpando m'basi muno: alonda, ogwira nchito m'nyumba za ku Kabulonga, anyamata a piece work. Ndi angati afika pamenepo? Munthu amene apeza K60 lero ndipo sadziwa za mawa sangagule thumba la 25kg ngakhale adziwe masamu onse a Pamela. Kumuuza kuti "gula zambiri usunge ndalama" ndi kumunyoza. Kusunga kumeneku kufuna kuti uyambe wakhala ndi ndalama.

Njira imene ndaona igwira kwa otere ndi cilimba ca katundu. Amai ena a pamsika wa kwathu aponya K20 aliyense tsiku lililonse kwa mmodzi wa iwo. Ali khumi, ndiye patsiku pakhala K200, ndipo masiku awiri akwanitsa thumba la unga ndi kabotolo ka saladi ka munthu mmodzi. Pakutha masiku makumi awiri aliyense walandira. Ndalama yake ndi yomweyo imene akanapereka kwa Pamela madzulo alionse. Ngozi yake muidziwa: wolandira woyamba akasowa, cilimba cafa. N'cifukwa cake salowetsa munthu amene sadziwa pakhomo pake.

Mwezi watha, pa 19, ndinatsegula kabuku ndili m'basi pa Alick Nkhata Road. Lendi inali yolipiridwa, unga unali theka la thumba, ndipo mu foni munali K340. K200 ya azakhali ndinabweza pa Sondo. Anaiwerenga kawiri pamaso panga, anaimanga pa citenje, kenaka anafunsa kuti kabuku kali kuti. Anatsegula tsamba lothera, anaika cala pa mzere umodzi n'kundiyang'ana. Panalembedwa kuti: vitumbuwa, K10, Kulima Tower.