Akulu a mpingo ku Chisepo amapumula liti?

Mvula ikangokhazikika mwezi wa Disembala, ku Chisepo kulibe wokhala pansi. Fodya wa kunazale akudikira kuwokera, chimanga chikufuna kupalira udzu usanachipitirire, feteleza akapezeka ayenera kuthiridwa nthaka ikadali yonyowa. Mkulu wa mpingo wa kuno, kumadzulo kwa boma la Dowa, ndi mlimi ngati anzake onse. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akaweruka kumunda, asanasambe n'komwe, amapeza pakhomo pali kale womudikira. Kwina kwagwa maliro, kwina banja lagwedezeka, kwina wodwala wagonekedwa pachipatala cha Chisepo ndipo abale akuti abwere adzaikepo pemphero.

Mpingo umodzi wa CCAP mu Sinodi ya Nkhoma umakhala ndi nyumba zopempherera zingapo zomwazikana m'midzi, koma mbusa wake ndi mmodzi. Kwa Akatolika n'chimodzimodzi. Parishi ngati ya Nambuma, imene ansembe a White Fathers adaitsegula mu 1928, ili ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri moti wansembe sangafike konseko Lamulungu limodzi. Motero katundu wa tsiku ndi tsiku amagwera akulu a mpingo, atumiki, akatekisiti ndi alangizi, ambiri a iwo osalandira malipiro. Nanga amayi a Chigwirizano? Pamaliro ndiwo amachezera kuimba m'nyumba ya siwa, kutacha n'kuyamba kutunga madzi, kuphika ndi kuluka nkhata. Akabwerera kwawo amapeza ana awo akudikira nsima.

Anthu amenewa sadandaula pagulu. Ukawafunsa za kutopa amangoti, “Ntchito ya Mulungu sitopetsa,” kapena, “Tikapumula kumwamba.” Mawuwa amachokera mu mtima wokhulupirika, ndipo ine ndimawalemekeza. Koma ndimaopanso zimene amabisa. Mkulu wa mpingo akalephera kufika pamaliro amodzi, manong'onong'o amayamba akuti wazizira. Mbusa akatseka foni tsiku limodzi, ena amati wayamba kunyada. Mapeto ake munthu amalalikira ndi mtima wouma, kunyumba amakwiya msanga, ndipo Baibulo amalitsegula pokhapokha akufunafuna mutu wa ulaliki wa mawa. Mlimi wa kuno amamasula ng'ombe pagoli dzuwa likakwera kuti zidye ndi kumwa, chifukwa akudziwa kuti mawa kulinso ngolo yokoka. Mpingo sumakumbukira kawirikawiri kuchitira anthu ake chifundo chomwecho.

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi mbiri imene ingatithandize pa nkhaniyi. Mu Novembala 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adakhoma msasa ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu 1894 kudatsegulidwa Kongwe, mu 1896 Nkhoma, kenako malo ena monga Chinthembwe ku Ntchisi. Amene adalimbikira kuti amishonalewa atumizidwe kuno ndi Andrew Murray wa ku Wellington ku South Africa, mbale wa bambo ake a A.C. Murray. Andrew Murray ameneyu adali mlaliki wosakhala pansi, woyenda mtunda ndi mtunda, mpaka cha m'ma 1879 matenda a pakhosi adamutsekera mawu. Adakhala pafupifupi zaka ziwiri osakwera paguwa, ndipo mu 1882 adakafunafuna machiritso kunyumba ya mapemphero ya Bethshan ku London. Chaka chomwecho buku lake la Abide in Christ lidatuluka m'Chingerezi. Mfundo yake ndi yakuti mphamvu ya mtumiki imachokera pa kukhala mwa Khristu, ntchito n'kumatsatira pambuyo. Mishoni imene idabala Sinodi ya Nkhoma idatumidwa ndi munthu amene adaphunzira zimenezi ndi thupi lake lomwe.

Pafupi ndi Mvera pali phiri la Kaso. Kumeneko William Murray, amene ankatsogolera mishoni yonse, ankapatukira pamodzi ndi Amalawi omuthandiza kuti amasulire Baibulo kutali ndi piringupiringu wa pamishoni. Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, ndi lomwe mkulu wa mpingo wa ku Chisepo amanyamula m'chikwama lero akamapalasa njinga kupita kumaliro. Akadakhala kuti anthuwo ankayankha aliyense wogogoda pachitseko, ntchito imeneyi ikadachedwa kuposa mmene idachedwera.

M'bukumo nkhani za atumiki otopa sizisowa. Pa 1 Mafumu 19, Eliya atathawa Yezebeli adagona pansi pa kamtengo m'chipululu atatayiratu mtima. Mngelo sadamudzudzule. Adamupatsa chakudya ndi madzi, kawiri konse, n'kumulola agone, ndipo mawu a Mulungu adabwera pambuyo pake. Pa Marko 6, ophunzira atabwerako ku ulaliki anthu adawapanikiza mpaka kusowa mpata wakudya, Yesu n'kuwatengera kumalo kopanda anthu. Pa Eksodo 18, Yetero ataona mkamwini wake Mose akuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, adamuchenjeza kuti alefuka, iye ndi anthu ake omwe, ndipo adamulangiza kugawira ena ntchitoyo.

Uphungu wa Yeterowu udamvekanso mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, pamene Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikitsa miphakati, kuti Akhristu a mudzi umodzi azipemphera pamodzi, aziyendera odwala awo ndi kutonthozana okha. Ku CCAP milaga imagwira ntchito yofananayo. Njira yogawanirana katundu ilipo kale. Vuto n'lakuti ngakhale m'timagulu timeneti ntchito imabwerera kwa anthu awiri kapena atatu omwe aja osadziwa kukana.

Ambiri masiku ano amati mankhwala a kutopa ndi mbindikiro: kukwera phiri, kusala kudya, kuchezera usiku wonse. Pali amene amatsikako atatsitsimukadi, ndipo sindingawatsutse. Koma taonani amene amatsogolera mbindikirowo, amene amakonza ulaliki wake ndi kusonkhetsa ndalama ya galimoto. Ndi mkulu yemwe uja, ndi amayi omwe aja. Kwa iwo mbindikiro wasanduka ntchito ina. Chimene akusowa ndi tsiku loti akhale pabenchi la kumbuyo, wina awawerengere Mawu, wina awapempherere powatchula dzina, ndiponso mnzawo mu utumiki amene angamuuze za kukayika kwawo popanda kuopa kuti nkhaniyo ikamveka pamsika wa Mponela.

Kupumula kumadyanso ndalama ndi nthawi, ndipo apa mpingo uyenera kulowererapo. Mkulu amene wataya masiku opalira chifukwa cha maliro a ena sangapumule Lamulungu masana mtima uli kumunda wodzala udzu. Achinyamata a mpingo atamupalirira ndime m'mawa umodzi, angamupatse mpumulo woposa ulaliki uliwonse wonena za mpumulo.

Nyengo ya chilimwe, imene mlimi amayembekezera kuwongola msana, ndiyo imadzazanso ndi maukwati, chilangizo, masika, zitsitsimutso ndi kumanga ziliza. Zonsezi zimakonzedwa pabwalo la akulu a mpingo, pamene amalemba ndandanda wa olalikira wa miyezi ya mtsogolo. Bwalo lomwelo lili ndi mphamvu yosiya Lamulungu limodzi pamwezi lopanda dzina la mkulu wakutiwakuti, n'kulengeza kumpingo kuti sabata imeneyo maliro ndi odwala a dera lake ayang'anira mnzake wa dera loyandikana nalo.