Kabula, mzinda wa pakati pa mapiri umene timangoupyola

Ambiri a ife ochokera kunyanja timaudziwa Blantyre ndi maso a munthu wofulumira. Wina amabwera ndi wodwala ku chipatala cha Gulupu, wina kudzapikula katundu ku Limbe, wina kudzatula usipa pamsika. Dzuwa lisanapendeke onse ali kale m'basi. Mukawafunsa chimene aona, amatchula mitengo ya zinthu ndi kuchuluka kwa galimoto.

Nafenso tinali otero, mpaka pamene tinakhala masiku anayi kwa mbale wathu ku Namiwawa, tili ndi adzukulu awiri. M'mawa woyamba, titatha swala ya Subuhi, tinaima pakhonde nkhungu ikuyera pang'onopang'ono, ndipo tinaona chimene chinkatiphonya m'maulendo onse aja: mzindawu wazingidwa ndi mapiri. Uku Michiru, uko Ndirande, chakumwera Soche, ndipo kumtunda kwa msewu wathuwo kuli Sanjika, kumene Bakili Muluzi ankakhala ali mtsogoleri wa dziko. Malowa ndi okwera mamita oposa 1,000, choncho munthu wa ku Makanjira kapena ku Chipoka, wozolowera kufunda nsalu yokha, asaiwale juzi akamabwera mu Juni kapena Julayi. Mvula yowaza ya chiperoni silabadira mlendo.

Mabuku amayamba mbiri ya mzindawu mu 1876, pamene amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Henry Henderson, anamanga misasa pakati pa Ndirande ndi Soche, nautcha malowo Blantyre potengera mudzi umene David Livingstone anabadwira. Koma sanafike pathengo lopanda mwini. Kunali Amang'anja, kunalinso Ayao amene anali atatsika kuchokera ku mapiri a Mangochi zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo amene analola alendowo kukhala anali mfumu Kapeni, Myao. Ufumu wa Kapeni ulipo mpaka lero, ndipo dzina lakale la Kabula silinafe pakamwa pa anthu. Tsono mwana wa kunyanja asamayende mumzindawu ngati wolowa m'nyumba ya eni. Pali msomali umodzi woyenera kukhoma bwino: Ayao a kuno ambiri anatsata mishoni, pamene abale awo a kwa Makanjira, Mponda ndi Jalasi analandira Chisilamu. Mtundu umodzi, njira ziwiri, ndipo zipatso za kusiyanako tinakaziona tsiku lomwelo.

Tinapita ku HHI kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels. Wina angafunse kuti shehe akufuna chiyani kumeneko. Tinapita kukaona ntchito ya manja a makolo a dziko lino, ndipo tinayamba tapempha chilolezo monga ayenera kuchitira mlendo waulemu. Nyumbayi inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anaitsogolera, m'busa David Clement Scott, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amene anaumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja anali anthu akuda a m'midzi yozungulira, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Yang'anitsitsani khomalo: njerwa zake n'zamitundumitundu, zina zopindika, zina zosongoka, iliyonse youmbidwira malo ake. Zaka zoposa 130 zapita, chikhalirecho ili chilili.

Pafupi pomwepo pali sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa mu 1909. Apa m'pamene tinakhala chete nthawi yaitali. M'sukulu zonga iyi munatuluka aphunzitsi, makalaliki ndi akuluakulu a boma, pamene agogo athu kunyanja ankaletsa ana awo kulowamo poopa kuti akabwerako atasintha dzina ndi chipembedzo. Mantha awo sanali opanda pake, ndipo sitiwaweruza. Anasunga chimene anachiona kuti n'chamtengo wapatali. Koma mtengo umene tinalipira tikuumvabe. Ife amene tinakhala ndi mwayi wa madrasa ndi sekondale tikudziwa kuti m'kalasi mwathu anzathu a kumudzi tinkachita kuwawerenga ndi zala. Mdzukulu wathu wamkazi, wa Sitandade 7, anafunsa ngati nayenso angaphunzire mpaka kufika ku sukulu ya udokotala imene tinaidutsa pafupi ndi Gulupu. Funso limenelo lokha linabweza ndalama ya basi.

Tsiku lachiwiri tinali ku Mandala. Nyumba yosanja ya kumeneko, ya makonde aakulu, inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo imatchulidwa kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba zimene zidakalipo. Dzinalo linachokera ku mandala a m'maso amene John Moir, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, ankavala. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anadzathyola nkhokwe ya mfuti ya kampaniyi. Lero m'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, yosunga mabuku ndi zithunzi zakale.

Ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ana anathamangira mitu ya sitima ndi makina akale amene ali pabwalo. Ife tinawakokera m'kati, ku gawo lofotokoza za malonda a akapolo. Sitinawabisire kuti ena mwa mafumu a kwathu, a Jumbe ku Nkhotakota ndi ena a kumwera kwa nyanja, anadya nawo phindu la malonda oipawo. Ndi bwino mwana amve zimenezi kwa agogo ake kusiyana n'kuti akazimve koyamba kwa womunyoza.

Maina a malo nawonso amaphunzitsa. Wenela, pamene timatsikira basi, ndi dzina la bungwe limene linkalemba amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo n'chapatali kupeza mudzi kunyanja umene sunatumizeko mwana. Limbe anakula ndi njanji, imene inafika mu 1908, komanso fodya ndi masitolo a Amwenye, ndipo anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Kumeneko waulendo savutika kupeza mzikiti ndi chakudya cha halaal, ndipo Ijuma tinaswalira konko.

Madzulo otsiriza mbale wathu anatitengera ku Chilobwe, m'munsi mwa Soche. Phiri limene kale linali nkhalango tsopano ndi nyumba ndi miyala, ndipo chipsera cha Malichi 2023 chikuonekabe, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi matanthwe n'kukwirira mabanja. Mayi wina wogulitsa tomato anatilozera ndi chibwano pamene panali nyumba za anansi ake. Tinawapemphera kwa Allah amene anatsala, ndipo tinatsika mwakachetechete, magetsi a Ndirande atayamba kuyaka kutsidyako.